Benchi la Mayi Houleye

Yandé Faye anali mtsikana wolota masana. Aphunzitsi a payunivesite akamalongosola za mafumu akale, iye maso ali pazenera, mtima uli kunyanja komwe mabwato opaka utoto amangoyandama ngati alibe kopita. Koma kalasi ikangotha, ee, ndiye mumudziwe! Ankayatsa foni, kudina kabatani kosonyeza kuti ali pantchito, n'kukwera kanjinga kake kamoto kokhosomola kaja, ulendo wa kumsika kukagulira anthu ndiwo. Ntchito yake inali yotero: ukafuna umayatsa, mayeso akayandikira umazimitsa, palibe bwana wokutuzulira maso.

Makasitomala a mu Dakar muno ndi anthu osowetsa mtendere, ine ndinene. Uwagulire mabiringano aang'ono, akuti wawapeputsa. Uwagulire aakulu, akuti ndi okhwima. N'chifukwa chake ana ogulira anthuwa amaimba foni ya kanema, kachingwe kali m'khutu, kuti mwini ndiwo aone yekha, asadzanamizire munthu. Ambiri amangoyang'ana kamodzi n'kudula. Koma panali mmodzi, mayi Houleye Kane, amene ankafuna kuona msika wonse.

Mayiwa anali atangoferedwa amuna awo, a Birame, ndipo mwa mwambo ankayenera kubindikira m'nyumba miyezi yonse ya umasiye, atavala nsalu yosakongola, osaponda kumsewu. Tangoganizani, munthu amene moyo wake wonse unathera pabenchi mumsika, akugulitsa chidede, bwemba ndi malambe! Mwana wawo wa ku Italy ndiye ankalipira kampani ya pafoni imene Yandé ankagwirako ntchito kuti aziwagulira ndiwo. Chakudya china chilichonse mayiwa ankangochiyang'ana mpaka kuzizira. Ankadya chokhacho chimene asankha okha m'fonimo.

“Mserere iwe, kapolo wanga, umachedwa kuti?” ankayamba choncho, poti a mtundu wawo ndi Aserere, mtundu wa Yandé, amanyozana mwanthabwala kuyambira kalekale popanda wokwiya.

“Kapolo ndinu, amayi. Mwasesa kale, kapena mukudikira mbuye wanu ndidzakukalipireni?”

“Asa! Pakamwa ngati nsomba. Kweza foniyo ndione anthu.”

Yandé ankaikweza pamwamba pa mutu n'kumayenda pang'onopang'ono. Dzuwa linkadontha m'mabowo a masaka ofolera msika, mamba a nsomba akuthethekera m'mwamba, utsi wa lubani ukukwawa pakati pa miyendo ya anthu. Mawu a mayi Houleye ankayenda naye m'khutu: ima apo, bwerera, karoti uyo wagona, chinangwa icho chitembenuze. Nthawi zina ankangokhala chete, akupuma, ndipo Yandé ankamva ngati wabereka munthu wopepuka kwambiri, wopanda mafupa, n'kumamuyendetsa m'maloto ake omwe. Msika umene ankaudutsa mothamanga anayamba kuuona ndi maso a munthu wousowa. Kunena zoona, anawakonda mayiwa.

“Ndikadzatuluka, Yandé, ndidzaunjika chidede mulu wofika m'chifuwa,” ankatero tsiku lililonse. “Mlamu wanga Demba akundisungira benchi. Anandilonjeza pamaliro, atagwira dzanja langa.”

Apa ndiye panali munga. Benchilo linalembedwa m'dzina la malemu, ndipo Demba, munthu wopanda manyazi ameneyu, analitenga ngati chuma cha kubanja n'kukhazikapo mkazi wake, Penda. Yandé ankadziwa. Msika wonse unkadziwa. Ndiye akafika pa mayi wa tsabola, pamene njira imakhotera kubenchiko, ankalozetsa foni kudenga n'kunamizira netiweki. Ankaopa kuti mayiwa akangoona, asiyiratu kudya, chifukwa benchi lija ndilo linkawadzutsa m'mawa.

Tsiku lina fumbi la kuchipululu linaphimba mzinda. Dzuwa linali lotuwa, loti ukhoza kuliyang'ana osaphethira, ndipo anthu mumsewu ankaoneka ngati akuyenda pansi pa madzi. Yandé anatuluka m'kalasi mutu uli waa, n'kupeza mayi Houleye aitanitsa kale za mpunga wa nsomba. Ataimba, mayiwa sanayambe ndi chipongwe.

“Ndalota Birame,” anatero. “Anakhala pabenchi langa, akupepeta malambe, chinthu chimene sanachitepo ali moyo, waulesi uja. Ndimamuyitana, iye kumangoseka.”

“Ndi maloto abwino, amayi. Tiyambe nsomba kapena kabichi?”

“Lero ukhote pa mayi wa tsabola.”

Yandé anaima. Munthu wosenza dengu anamugunda paphewa, iye osamva.

“Kumene kuja netiweki imavuta, amayi, mukudziwa.”

“Ivute. Ndione ngakhale mwendo umodzi wa benchi langa. Ndikudziwa kuti lili lokhalokha, lophimba ndi chisaka, fumbi lili mbuu. Ndingoliona basi. Chonde, mwana wanga.”

Chala cha Yandé chinali pa kabatani kofiira. Kungodina, nkhani yatha, mawa adzanena kuti batire linathima. Anayang'ana kankhope kaja m'foni, kowonda, kozingidwa ndi nsalu, m'chipinda cha mdima, maso ali pa iye. Munthu wamkulu chonchi kupempha mwana kuti amuonetse chinthu chake chomwe! Anachotsa chala chija, n'kukhota.

Benchi linali litapakidwa utoto wobiriwira. Chidede chinali mulu, chofiira kuti psuu, bwemba pambali, malambe m'beseni. Pampando wa mayi Houleye panakhala Penda, mwana kumbuyo, akuthamangitsa ntchentche ndi katoni. Ataona mtsikana wokweza foni, anadziwa kuti wabwera kasitomala. M'galasi la foniyo sanayang'anemo n'komwe.

“Fikani, achemwali, fikani! Auzeni a m'foniwo kuti chidede ngati ichi sakachipeza kwina. Benchi lino ndi lakalekale, Dakar yense amalidziwa. Afunse aliyense!”

M'khutu mwa Yandé munali zii. Phokoso lonse la msika linapita kutali, ngati likuchokera kutsidya la nyanja. Foniyo sanaitsitse. Anaona mwana wa Penda akuyamwa chala, anaona fumbi likutera pachidede pang'onopang'ono, ndipo anadikira kulira, kapena kutukwana, chilichonse.

“Wachiyanika bwino,” anatero mayi Houleye potsiriza, mawu ali pansipansi. “Gula. Usanenerere.”

Foni inaduka.

Zotsalazo Yandé anagula yekha, osadziwa n'komwe chimene akutola. Kanjinga kanamudutsitsa m'misewu yotuwa ija, magalimoto akuyatsa nyali masanasana. Atafika kunyumba kwa mayiwa sanasiye jumbo pakhomo monga amachitira kwa ena. Anavula nsapato n'kulowa. Anawapeza atakhala pamphasa, mikanda yopempherera ili m'manja koma sikuyenda, foni itagona chafufumimba pambali pawo.

Yandé anagwada n'kuika jumbo patsogolo pawo.

“Amayi, ndinkadziwa. Ndinkaopa kukuuzani.”

“Unachita bwino kuopa,” anatero mayiwa. Anamusisita pamutu, n'kumuchotsa fumbi pansidze ndi chala chawo chozizira. “Wadya iwe? Taona milomo yauma. Ana a sukulu inu mumangodya mphepo.”

“Tikhoza kumuimbira mwana wanu ku Italy. Alankhule ndi a Demba. Kapena akuluakulu a msika, ine ndikhoza kupita, mawa kalasi ndilibe.”

Mayi Houleye anamwetulira, akuyang'ana pazenera pamene kuwala kotuwa kunkalowera. Anayang'ana nthawi yaitali, ngati pali wina akudutsa kunjako amene Yandé sakumuona.

“Mawa usavutike n'kuimba, mwana wanga,” anatero. “Ungogula chimene waona. Ndiwo ndi ndiwo.”

Yandé anakhalabe chogwada, akudikira kuti atsegule jumbo, aone nsomba m'maso, adandaule kuti kabichi ndi wofota. Mayiwa anaikankhira pang'ono kukhoma, osaimasula.