Mbiri ya Tithokoze Yowerenga Kumanda

Bokosi la Tithokoze litafika kwa Tengani, amalume ake a Bauleni anakhala pansi pa mtengo wa masawu kulemba mbiri ya malemu yokawerenga kumanda. Mtsikanayo anaomberedwa ndi asilikali pa yunivesite ya kunja komwe ankaphunzira, tsiku limene ophunzira anaguba pokana nkhondo ya dzikolo.

Atamaliza analowa m'nyumba ya siwa kukawawerengera alongo awo, mayi Anastazia, mayi wa malemu. "Ndalemba kuti anamwalira pa ngozi ali kusukulu."

"Ngozi yanji, achimwene?"

"Achemwali, tikanena zoona anthu aziti tinamutumiza kukaphunzira, iye n'kukachita zipolowe. Dzina lake liipa."

Mayi Anastazia ndi a Bauleni anabwera kuno ali ana, pothawa nkhondo ku Mozambiki. Mng'ono wawo anafera m'njira, n'kuikidwa m'bango popanda nyimbo. Tithokoze ankakonda kufunsa za nkhaniyi akamatola thonje ndi mayi ake.

"Mwamuiwala amene tinamusiya m'bango uja?" anafunsa mayi Anastazia. "Nthawi ija ife sitinaone ndi mmodzi yemwe woimirira kunena kuti nkhondo ileke. Wangayu waimirira. Fufutani zimenezo."

Kumanda, a Bauleni anawerenga kuti: "Anaphedwa akukana nkhondo, m'manja mwake mulibe ngakhale mwala."

Mayi Anastazia anavundukula chitenje chimene anafunda kumutu, nadzutsa nkhope kuti aliyense aone amene anabereka mwana ameneyo.