Tsiku Limene Ndinakana Timba M'khoti

A kampani ya inshuwalansi anandichititsa kukana mwana wanga pamaso pa anthu, Baibulo lili m'manja. Ndi iwowo, pamodzi ndi loya wawo wovala timagalasi. Ndalemba kuti mumve bwino, poti ndikamayankhula anthu amati mayi uyu ndi wolusa.

Malemu amuna anga anandisiyira shopu ya malata, misomali ndi penti. Anandisiyiranso inshuwalansi ija amati kasitomala akavulalira mushopu, kampani ndiyo imalipira. Chaka ndi chaka ndinkapereka osajomba, ngakhale chizungu cha pamapepala awo sindichimva. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale.

Ndiye pali Timba. Sindinamubereke ine. Ndi mwana wa amuna anga kwa mkazi wina, anabwera naye mayi ake atamwalira, ali kanthu kochepa, mutu wokhawokha, n'chifukwa chake tinkamutcha Timba. Ndinamulera ndine. Lero ndi mayi wa pakhomo pake, telala, amasoka ndi mashini opalasa ndi phazi.

Tsiku lina anabwera kudzagula misomali. Analipira ngati wina aliyense, pashopu ine sindidziwa chibale. Akutuluka, malata amene anatsamira kukhoma anatsetsereka, limodzi n'kumudula mtsempha wa kuseri kwa chidendene. Phazi lopalasira lomwelo. Adokotala anati pakufunika opaleshoni kuchipatala cholipira, apo ayi za mashini aiwale.

Loya wanga, mtsikana wofatsa bwino, anati kuti kampani ilipire, Timba ayambe wandisumira ine. Mwana kusumira make! Tinameza malovu, tinachita. Kampani n'kuyankha kuti sitilipira, wovulalayo ndi wa m'banja la mwini shopu, inshuwalansi yathu ndi ya anthu akunja kwa banja. Basi ine n'kuwakokera kukhoti.

"Amayi, nkhaniyi ndi yosavuta," anatero loya wanga. "Simunamubereke, simunamulembetse kuboma kuti ndi wanu, ndipo amakhala kwake. Mukanene zokhazo."

Tinayeserera ndi Timba pakhonde, mwendo wake uli pampando. Iye ndiye anali woweruza, atadzikulunga thaulo kumutu.

"Mayi inu, kamtsikana konyansaka mukukadziwa?"

"Sindikadziwa bwana, kamangobwera kudzanditherera shuga."

Anaseka mpaka bala kumupweteka. "Amama, mukanene choncho ndithu. Musakachite chibwibwi."

M'khoti munalibe zoseka za pakhonde. Munali fani yolira ngati ikudwala chifuwa, ndi mabenchi odzaza: azimayi a kutchalitchi kwathu, alamu anga, mwamuna wa Timba, ndi Timba mwini wake kutsogolo, ndodo zoyendera atazigoneka pansi. Loya wa kampani anaimirira mwaulemu ngati akupempha madzi akumwa.

"Mayi, wovulalayu amakutchulani kuti ndani?"

"Amama. Koma ngakhale ogulitsa tomato amanditchula choncho."

Anthu anaseka, mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

"Atadwala chikuku ali mwana, anagona naye kuchipatala ndani?"

"Ine. Bambo ake anali kuntchito."

"Nanga chithunzi chili pamwamba pa kauntala yanu, cha mtsikana wovala yunifolomu, ndi cha kasitomala?"

Apo ndipo ndinaona kuti munthuyu akutola zabwino zonse zimene ndinamuchitira mwana uja, n'kumazisandutsa miyala yogendera phazi lake lomwe. Ndikangovomera kuti ndi wanga, opaleshoni yapita.

"Ndiye tinene kuti munamulera ngati mwana wanu wobereka?"

"Ayi."

"Nanga ngati ndani?"

Funso limeneli pakhonde sitinaliyeserere. Ndinayang'ana loya wanga, iye maso ali pamapepala. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ngati katundu amene mwamuna wakusenzetsa. Ndikanamutaya kuti? Mwana wa mkazi mnzako sakhala wako. Ndinkangopirira."

Alamu anga anagwira pakamwa. Timba sanalire ayi. Anawerama n'kuyamba kukonza bandeji imene inali bwinobwino.

Mlandu tinawina. Woweruza anati mwa lamulo Timba ndi munthu wakunja, kampani ilipire. Pakhomo loya wa timagalasi anandipatsa dzanja, ati, "Mwayankha bwino mayi, ine ndimangogwira ntchito." Dzanja lakelo linatsala m'malere. Ndinatuluka nditafunda mpango mpaka m'maso ngati wakuba, osayang'ana benchi iliyonse.

Phazi analisoka, pano akupalasanso mashini. Ndinapita kwake kukamuuza kuti zija zinali za m'khoti chabe. Anandikhazika pampando wa alendo, tiyi m'kapu ya alendo, ine amene ndinkangolowa mpaka kukhitchini n'kumavundukula mapoto.

"Ndikudziwa, munandithandiza," anatero, maso ali pansalu imene ankapinda. "Koma mawu aja anatuluka mosalala bwanji! Ngati munthu amene anawasunga kalekale."

Ndinalumbira pali Mulungu, pali malemu bambo ake. Anangoti zikomo. Pondiperekeza anauza mwana wake wamkazi, amene ndinamusambitsa ndine tsiku lobadwa, kuti, "Tsanzika mayi a kushopu."

Kutchalitchi anandichotsa m'gulu loyendera ana amasiye. Sanandiuze chifukwa, inenso sindinafunse. Ndimakhala benchi ya kumbuyo, ndimatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kushopu kasitomala akandiyang'anitsitsa ndimaweramira m'bokosi la misomali, ndimaganiza kuti nayenso anali m'khoti muja. A kampani aja ananditumizira uthenga pafoni wondithokoza chifukwa chokhala nawo zaka zambiri.

Tsono inu amene mukuwerenga, makamaka ngati mumadyera ku kampani ya inshuwalansi, musandiuze pepani, pepani sindimufuna. Mukanaima pamene ndinaima ine, mwana wanu ali kutsogolo ndi ndodo pansi, mukanati chiyani? Mukanamusiyira phazi kapena mukanamusiyira mayi? Ndiyankheni.