Kachipinda ka Kuseri kwa Tchalitchi

Boti linafika pachilumba mdima utagwa kale. Vasiti anatsikira m'madzi ofika m'mawondo, nsapato zili kumanja. Mwana wa mumzinda wa Suva, wosakhazikika. Ofesi ya chigawo inamutuma kukonzanso dongosolo lopulumutsira anthu ku namondwe. Chilumba chino chinali chomaliza.

M'holo ya mudzi anapereka mtolo wa mizu ya yaqona yopangira chakumwa chamwambo, monga achitira mlendo. Eni mudzi anasinja mizuyo, anasungunula, chikho chinayamba kuzungulira. Vasiti anafotokoza mwachidule. Ng'oma ikalira, aliyense athawire m'tchalitchi. Makoma ake ndi asimenti.

"Aliyense kupatula nkhalamba iyi," anatero mayi wina, Ilisapeci, akuloza msuweni wake Waisale. "Pa namondwe wathayu anagona pansi pa boti ngati nkhanu."

"Asuweni, namondwe weniweni ndi pakamwa panupo," anayankha Waisale. Kenako anatembenukira kwa Vasiti. "Mwanangu, m'tchalitchimo amathawiramo mlongo wanga Unaisi. Kuno mlongo sugona naye denga limodzi. Sumuyang'ana n'kumaso komwe."

"Ngakhale mphepo ikuzula mitengo, bambo?"

"Izule."

Vasiti anali atatopa. Akanatha kungolemba kuti "aliyense", n'kukagona. Ku ofesi akanadziwa ndani? Koma maso ake anagwera pa chipsera cha pamkono wa mkuluyo. Lata louluka linamucheka tsiku la namondwe uja.

"Tipachike mkeka pakati?" anafunsa Vasiti.

"Mkeka ungatseke nkonono zake?" anatero Ilisapeci. Holo yonse inafa nacho chiseko.

Vasiti anabwereka tochi. Anazungulira tchalitchi. Kuseri anapeza kachipinda kovaliramo abusa. Simenti yomweyo. Khomo lakelake, kadenga kakekake.

"Wailesi yolandirira machenjezo ikufuna mlonda," anatero atabwerera. "Izikhala m'kachipinda kaja. Bambo, mungatisungire?"

Waisale anayang'ana chikho chimene anamupatsa.

"Nanga Unaisi azimva bwanji zimene yanena?"

"Ndizikamuuza ine," anatero Ilisapeci. "Ndi kamchere pang'ono."

Mkuluyo anaomba m'manja, n'kumwa chikho chonse.

Mlendo ndi mame. M'bandakucha Vasiti anali kale m'boti, mtima uli m'malo. Kuseri kwa tchalitchi kunkamveka hamala. Waisale anali padenga, akukhomerera malata. Chapatali, mayi wokalamba, mlongo wake Unaisi, anaika dengu la chinangwa chophika pamwala. Sanayang'ane m'mwamba. Anangolivindikira bwino ndi tsamba la nthochi, n'kubwerera.