Botolo Limodzi la a Moffat

Thirakitala inazula chitsamba chakale cha tiyi, chokhacho chimene sichinafote pachilala. Chotsala chinali tizidutswa m'mabotolo khumi ndi awiri, m'labotale ya esiteti kufupi ndi Chinakanaka. Tikapanda kumera mizu, mbewuyo yatha.

Esther, wasayansi watsopano, anaitana a Moffat, kapitawo wa nazale. Anawaonetsa pakompyuta chithunzi cha phiri ndi zigwa zitatu.

"Selo, kachigawo kochepetsetsa ka mbewu, lili ngati mwala pamwamba apa. Likagwera uku likhala muzu, uku tsamba, uku chotupa chabe. Likagwa silibwerera. Mankhwala ndi ongolikankha, masiku awiri basi, kenako tichotse. Masamu akutero."

"Zaka makumi atatu ndikumeretsa tiyi," anatero a Moffat, "mwala wa mizu sindinauone."

"Bambo, ine ndikupita kumaliro ku Muloza. Lachitatu m'mawa musamutsire tonse m'mabotolo opanda mankhwala, monga ndinakuonetserani. Mwamva?"

"Makutu ndili nawo, madamu. Si a magetsi."

Kunazale, nthambi ikaviikidwa m'mankhwala a mizu palibe amaipukuta. Lachitatu a Moffat anasiya mabotolo khumi ndi limodzi mmene analili. Kachidutswa kamodzi anakasamutsa, kuti kakafa amuonetse Esther.

Esther anabwera Loweruka. Atawerenga mabotolo, anaitana a Moffat.

"Mwapha mbewu, achikulire!"

"Ndaidyetsa. Inu mumati mbewuyo ife ndi njala."

"Ndinakuuzani Lachitatu!"

"Munandiuza ndani? Ndinabzala mundawu musanabadwe."

Esther anasamutsa tonse tsiku lomwelo. Sizinathandize. Patapita milungu itatu, m'mabotolo khumi ndi limodzi munali zotupa zotuwa ngati phala lowola. Esther anawandandalika patebulo naitananso a Moffat.

"Ana anu awa. Anakhuta."

A Moffat anatembenuka. Anapita pashelefu, natenga botolo lawo lija, naliunika pawindo. Timizu titatu toyera tinali titaboola pansi.

"Ndipatseni," anatero Esther.

"Ndinasamutsa ndine."

"Munasamutsa kuti kafe!"

"Eya. Koma ndine."

Anayang'anana. Botolo linali pakati pawo, ndipo lina panalibe.

"Kakufunika chiyani tsopano?" anafunsa a Moffat, maso ali pabotolo.

"Kuwala. Masiku khumi. Musakakhudze."

A Moffat analiika pashelefu, nakoka mpando, nakhala pakati pa Esther ndi botololo.

"Khumi," anatero. "Likakwana, kapita kunazale kwanga."