Mapulagi a Malemu Evance

Ramsey anali atalowetsa kale mutu m'boneti pamene Annie anatuluka ndi tsache. Anasesa pakhonde, n'kusesanso, ngakhale panalibe chosesa. Anthu a pamaliro anali atabalalika, mabenchi atabwerera ku tchalitchi, ndipo pabwalo panangotsala phulusa ndi Datsun yofiira ya malemu Evance, mwamuna wake.

Nkhani ya galimotoyo inali itatha dzulo lake. Amalume a Evance anabwera kuchokera ku Phalombe atakonzekera mkangano, poti akazi amasiye a m'tauni anali atayamba kuyankha masiku amenewo. Anati nyumba ikhale ya Annie ndi mwana wake Esther, koma galimoto ipite m'manja mwa Ramsey, mng'ono wa malemu. Annie sanadikire n'komwe kuti amalize.

"Tengani mkazi mnzangayo. Wandilanda mwamuna zaka zonsezi."

Mawu onse amene amalumewo anakonza m'basi anawathera phindu.

Annie ankadana nayodi galimotoyo. Chilomoni yense ankaidziwa ndi kulira kwake. Evance anaigula ili chiphakasa, n'kuikonza yekha injini mpaka inkasiya magalimoto a mabwana pa msewu wa Chileka. Koma chaka cha riferendamu minibasi imene Annie anakwera inagubuduka, ndipo iye anatulukamo ndi chiuno chothyoka ndi mantha amene sanachoke. Kuyambira pamenepo Evance ndiye ankamuperekeza kuntchito ku Ginnery Corner. Chodabwitsa, galimoto ija inakalamba mwezi womwewo. Inkangokwawa, njinga zikuipitirira, Evance akupukusa mutu kuti mphamvu zaithera.

Komabe Loweruka lililonse munthu ankakhala m'boneti, akukwecha tizitsulo ndi burashi, tiyi akuzizira patebulo. Annie ankamunyogodola kuti akutaya nthawi ndi nkhalamba yosatha n'kuthamangitsa nkhuku. Evance ankangoseka. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo Annie anafika pokhulupirira kuti mawu ochepawo ankathera pa injini. Matenda atamutenga m'sabata imodzi yokha, chimene chinamuwawa kwambiri Annie n'chakuti mwamunayo anapita osamuuza kanthu koti azikumbukira. Anasungulumwa ali pabanja, ndipo tsopano anasungulumwa kawiri.

"Alamu, tabwerani muone," anaitana Ramsey.

Anali atamasula mapulagi onse anayi n'kuwandandalika pa njerwa. Ankatembenuza limodzi m'manja, nkhope itachita makwinya. Anafunsa ngati pali wina amene anagwirapo injiniyi. Annie anati ndani akanayerekeza, pamene ngakhale Esther sankaloledwa kutsamira chitseko.

"Ndiye achimwene anaika okha zimenezi? Awatu ndi mapulagi a galimoto ya abusa."

Annie sanamvetse, ndipo Ramsey anafotokoza ngati akudzilankhulira yekha. Anati mapulagi alipo otentha ndi ozizira. Injini yothamanga ngati iyi imafuna ozizira, opirira moto wa liwiro. Koma ozizirawo ukamayenda nawo pang'onopang'ono amada ndi mwaye, galimoto n'kumatsokomola, ndipo umangokhalira kuwakwecha. Otentha ndiwo amakonda ulendo wa m'tauni. Kuipa kwake, ukawaika mu injini yotere n'kuponda moto, umabowola pisitoni.

"Anandiphunzitsa okha zimenezi," anatero Ramsey. "Ndi awa sakanathamanga, alamu. Olo ali okha pa msewu wa Chileka, sakanathamanga."

"Koma galimotoyi inatha mphamvu," anatero Annie.

Ramsey anamuyang'ana, kenako anayang'ana injini, yoyera ngati mbale ya alendo.

"Anakuuzani choncho?"

Anatsegula buti kufuna sipanala ina, ndipo pansi pa tayala la sipeya anapezapo chitini cha mkaka. Munali mapulagi anayi ozizira, okutidwa ndi nsalu ya mafuta, okwechedwa mpaka kung'anima. Annie anaizindikira nsaluyo. Inali ya chitenje chake chakale chimene ankayesa kuti chinatayika.

Anakhala pansi pa sitepe, tsache lili pamiyendo. Anakumbukira mmene ankagwirira chitseko ndi manja awiri masiku oyamba aja, ndi mmene anasiyira kugwira osadziwa kuti wasiya liti. Anakumbukira anyamata a pa siteji ya minibasi akukuwiza Evance kuti watha, iye n'kumawakwezera dzanja. Munthu wokonda liwiro chotero anasenza chipongwe zaka zitatu, m'mawa uliwonse, ndipo sanafune n'komwe kuti athokozedwe. Annie anamva chisoni, anamvanso mkwiyo. Evance akanangonena, bwenzi tiyi uja akumutengera kunja n'kukhala naye pambali pa galimoto.

Mawu oti galimoto isapite anafika pakhosi. Koma anali atapereka yekha, pamaso pa amalume ndi akuluakulu a mpingo, ndi pakamwa pake pomwe. Komanso akanaitani? Kuyendetsa sankatha, ndipo woyendetsa pang'onopang'ono uja anali atagona ku manda.

Ramsey anati ulendo wa ku Phalombe ndi wautali, aika ozizirawo. Anawamanga limodzilimodzi, n'kulumikiza mawaya. Atatembenuza kiyi, Datsun inabangula mawu amene Annie anali atawaiwala, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. Ramsey anamwetulira, kenako anachita manyazi ndi kumwetulirako.

"Ndikusiyeni penapake, alamu?"

"Ayi, pitani. Muyende bwino."

Galimoto inatuluka pageti mwaulemu, koma itangofika pa tala inaiwala maliro. Annie anaimva ikutsetsereka, ikusintha magiya, mpaka phokoso linasakanikirana ndi la tauni. Pamalo pamene inkaima panatsala dontho la oyilo ndi njerwa ija.

Anatola mapulagi anayi otsalawo. Nsonga zake zinali zoyera bwino, zopanda mwaye, poti ankagwira ntchito imene anawasankhira. Anawamanga pa ngodya ya chitenje chake chakuda n'kulimbitsa mfundo ndi mano. Lolemba ankayenera kukwera minibasi, koyamba chichitikire ngozi ija, ndipo anafuna kukhala ndi chogwira.