Alamu ya a Musallam ndi Utsi wa Lubani

Nkhaniyi anandiuza ndi Khalfan, woyendetsa takisi ku Salalah, tikudikira ngamila kuti zichoke pamsewu. Akuti zinachitikira msuweni wake, a Musallam.

A Musallam anamanga zipinda pamwamba pa nyumba yawo kuti mwana wawo Thuraya azikhalamo akakwatiwa. Ukwati unatsala masiku asanu ndi anayi, koma munthu sakanalowa m'zipindamo popanda kalata ya ofesi yoona za moto. Mwana wawo wamwamuna, Harith, wogwira ntchito kutali ku likulu la dziko, ku Muscat, anali atawatumizira ma alamu a utsi amakono, aja amati akamva utsi amalira n'kutumizanso uthenga pa foni. Foni yake inali ya Harith yemweyo.

Kunabwera woyendera nyumba wa ku ofesi ija, a Hamood, munthu woonda, wosafulumira. A Musallam anawakhazika m'chipinda cha alendo, n'kuwapatsa khofi ndi zipatso za kanjedza. A Hamood anatembenuza katoni ya alamu mbali zonse.

"Chidindo chovomerezeka chili pati?"

"Chidindo chanji, achimwene? Kachipangizoka kamalankhula zinenero zitatu!"

"Kalankhule ngakhale khumi. Ine ndikufunsa kuti moto ukabuka pansi pano, wogona pamwamba adzuka? Mawaya olumikiza ma alamuwa ali kuti?"

"Mawaya! Mawaya ndi a nthawi ya agogo anu. Aka kamauza Harith nthawi yomweyo."

"Harith ali kuti?"

"Ku Muscat."

"Ndiye abwera ndi ndowa ya madzi pa ndege?"

A Musallam anamenya bondo. Anatulutsa kabuku ka malangizo, a Hamood anatulutsa kabuku ka malamulo, aliyense n'kumawerengera mnzake mokweza, osamvana. Khofi anatha, anabwera wina. Ola linadutsa, lachiwiri likutha.

Akazi awo a Musallam, mayi Ghaliya, anali ndi osoka zovala zaukwati akuwadikira m'kati. Anagogoda pachitseko kawiri. Kachitatu anangoitana.

"Bambo a Harith, talandirani ichi."

Kanali kambaula ka lubani, makala ali psuu. Kumeneko lubani akabwera ndiye kuti kucheza kwatha, mlendo amafukiza ndevu ndi zovala n'kunyamuka. A Musallam anang'ung'udza kuti, "Amake Harith, munthu sanasaine!" Koma kambaula kanali kale m'manja mwawo, ndipo kukabweza mlendo akuona kukanakhala kumunyoza.

A Hamood anakupizira utsi ku ndevu zawo mwaulemu. Mayiwo anali atathira lubani wambiri, wamkwiyo, moti utsi unakwera tolotolo mpaka kukuta alamu imene inali kudenga, pamwamba pa mitu yawo penipeni. Onse awiri anayang'ana kumwamba.

Zii.

"Kakuganiza kaye," anatero a Musallam.

"M'chinenero chiti?"

A Musallam anaimbira Harith pomwepo, atakweza mawu a foni kuti mlendo amve yekha.

"Iwe, kalira kumeneko?"

"Ayi bambo, ndinakatseka mwezi watha."

"Unatani?"

"Amayi amafukiza m'mawa, masana, madzulo, alendo akabwera, zovala zikauma. Foni imalira kasanu pa tsiku kuti kwanu kwapsa! Abwana anga anafika pondifunsa ngati timakhala mu uvuni."

A Hamood anaimirira n'kupinda pepala lawo losasaina.

"Khalani pansi, achimwene, Harith akatsegula pompano!"

"Ndafukiza kale, bambo. Mukufuna anthu azinena kuti Hamood amakhalabe pa nyumba ya eni lubani atadutsa? Ikani ma alamu a mawaya, okhala ndi chidindo. Mukalembetsenso, mzere wake ndi wa masabata asanu ndi limodzi."

Ukwati unachitika pa tsiku lake. Zipinda za pamwamba zinakhala zokhoma, mipando yatsopano ili m'mapulasitiki. Thuraya ndi mwamuna wake anagona m'chipinda cha alendo chija mwezi ndi theka, ndipo a Musallam ankalandirira anzawo m'galaja, pambali pa matayala, osalankhulana ndi akazi awo kapena Harith.

Apa ndi pamene Khalfan anathera, ngamila zitachoka. Koma ine pali pamene sindikhulupirira. Ndinafunsa munthu wa zamagetsi ku Nizwa, mzinda wina wa dziko lomwelo, ndipo anati iye sanaonepo alamu yotheka kuitseka pa foni mwezi wathunthu, imakhala chete kwa mphindi zochepa basi. Ndikuganiza kuti mayi Ghaliya anachotsa mabatire kalekale, ndipo Harith ananama kuti awateteze. Khalfan ankaumirira kuti ayi. Ine mayiwo sindinawaonepo, ndiye sindingalumbire.