Tsiku Lomwe a Gulo Anagwira Chingwe

Amuna anga amakonza milongoti ya maboti a matanga, ndipo padoko ponse amadziwika kuti a Gulo. Akakwera pamwamba amapana mlongoti ndi miyendo, mutu n'kumagwedeza pogwira ntchito, ndendende gulo ali pamtengo. Ine amanditcha Nangula, chifukwa ndikaima pansi pa mlongoti chingwe chili m'manja, ngakhale mundiuze kuti nyumba ikupsa sindisuntha.

Ntchito yathu njosavuta kuifotokoza. Iwo amakhala pa kampando ka thabwa kokhala ndi malamba. Chingwe chimodzi chimawakweza, china n'chowagwira ngati choyambacho chitaduka, ndipo zonse ziwiri zimathera kwa ine. Chiyambire ukwati wathu ndakhala ndikuwakweza ndi kuwatsitsa bambowa, koma ine mwiniwakene sindinakwerepo. Ndine munthu woti babu likapsa m'nyumba ndimadikira wina adzaime pampando.

Lamulo lathu ndi limodzi, ndipo analiika okha: munthu sakwera wogwira chingwe ali ndi mkwiyo. Asanachoke pansi ndimayang'ana mfundo iliyonse, ndimawapisa m'matumba kuti musakhale chodzagwera munthu pamutu, ndiponso sipanala iliyonse ndimaimangirira ndi kachingwe ku ndowa ya zipangizo. Kenako amandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Tili bwino?" Ndikapanda kuyankha kuti tili bwino, tsiku limenelo kulibe kukwera.

Ndiye bambowa ndi akathyali. Tikangoyambana kunyumba, kaya ndi za malaya oponya paliponse, kaya ndi za achibale awo obwera osanena, m'mawa mwake mumva, "Mayi, mlongoti wa boti loyera lija ukundikayikitsa." Mlongoti wabwinobwino! Amaganiza kuti sindidziwa. Ndimangonyamula magolovesi anga, tikafika padoko andifunsa funso lawo lija anthu akumva, ine n'kumeza mkwiyo wonse ngati mankhwala owawa. Magolovesiwo ndi achikopa, anada kalekale ndi thukuta, ndipo iwo sanasiyepo kuwaseka. Amati manja a munthu wantchito safuna zovala.

Zinthu zinatembenuka tsiku lina atawerama m'shedi mwathu kuti atole nati. Podzuka anadzandira mpaka kukagwira khoma. Anati ndi njala. Mawa lake anadzandiranso atakhuta. Ndinawakokera kuchipatala ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo adokotala sanazungulire: magazi akuthamanga, chizungulire chizibwera osagogoda, za kukwera pamwamba aiwale. Titafika pakhomo anangoti, "Dokotala ujatu ndi mwana. Sakudziwa kuti mutu wanga umakhazikika ndikakhala pamwamba."

Mwana wathu wamkazi amasoka matanga m'shedi momwemo, ndipo chiyambire ali kusukulu wakhala akupempha kuti amuphunzitse kukwera. Yankho lawo silisintha, amati nthawi ikadalipo. Tsiku limenelo anapemphanso. Anayankhidwa zomwezo, koma mokalipa, mwana mpaka anakalirira pamakina ake.

Sipanapite nthawi kunabwera mwiniboti wina, mkulu wopuma pantchito, wa mimba yake yabwino ndi foni yosatonthola. Chingwe chokwezera thanga chinali chitadumpha pa kawilo ka kunsonga kwenikweni kwa mlongoti n'kupanikizika m'mbali. Sichinkapita kutsogolo, sichinkabwerera, ndipo munthu anali ndi ulendo.

"Ine sindigwira," ndinatero tili patebulo m'mawa mwake. "Ndakwiya, ndipo mkwiyo uwu sutha ndi kafunso kanu kaja."

"Mayi, ndi ntchito ya kanthawi kochepa."

"Kugwanso n'kwa kanthawi kochepa."

Anamaliza tiyi wawo n'kutuluka. Ndinayesa kuti apita kukakana ntchitoyo. Koma nditalowa m'shedi kuti ndisese, pamsomali pomwe timakoleka kampando panalibe kanthu. Mwana anali atapita kukagula ulusi, panalibe womutuma. Ndinatola mapilitsi a kuchipatala omwe anawasiya pambali pa kapu, ndi magolovesi, n'kuliyatsa liwiro. Tsache linatsala pomwe linagwera.

Ndinawapeza atamanga kale malamba. Chingwe chinali kwa mwiniboti, atachikulunga padzanja ngati akukoka ng'ombe, foni ataipana ndi phewa, akuseka ndi wina za mitengo ya matayala. Moyo wa bambo wa mwana wanga unali m'dzanja limenelo.

"Achikulire, chingwe sakulunga padzanja, chikudyani zala," ndinatero ndikuwalanda. Kenako ndinatembenuka. "Inu a Gulo, vulani."

"Nanga akwere ndani? Munthuyu ndamulonjeza."

"Ndikwera ine."

Mawuwo anatuluka okha. Inenso ndinawamvera limodzi ndi anthu ena. Amuna anga anayamba n'kuseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunauma.

"Ndiye anthu aziti chiyani padoko pano? Aziti Gulo watha, akukwezetsa mkazi?"

"Aziti Gulo ali moyo."

Anavula malambawo n'kuwaponya pansi. Tinagwirizana mopanda kuyang'anana: mwiniboti azipukusa chitsulo chokokera chingwe, popeza thupi analipo nalo, ndipo iwo akhale pansi agwire kumapeto kwa zingwe zonse ziwiri, pamalo anga. Anandimanga malamba mokokakoka ali ndwii, ngati akumanga thumba la makala.

"Kwezani," anauza mwiniboti.

"Iyayi," ndinatero ine. "Lamulo lija. Wogwira chingwe wakwiya."

Anandiyang'ana mokhala ngati ndawaponda chala chabala. Mwiniboti anangoti kukamwa yasa, osadziwa kuti tikukamba chiyani.

"Tili bwino?" ndinafunsa.

Anayang'ana madzi, kenako maso awo anakwera mlongoti pang'onopang'ono mpaka kunsonga, momwe munthu amayang'anira nyumba yomwe akusamukamo. Apo m'pamene ndinaona kuti mkwiyowo sunali wa ine, ndipo ndinawamvera chisoni. Koma sindinabweze funso. Ndinaima pomwepo, ndikudikira yankho.

Kenako anagwada. Anamasula mfundo yomwe anaimanga mwaukali ija n'kuimanganso modekha. Anayesa lamba aliyense ndi chala. Anamangirira masipanala ku ndowa, chinthu chomwe zaka zonsezi ankati n'chotayitsa nthawi. Pomaliza anandipisa m'matumba. Anatulutsamo zopanira zovala ziwiri, batani la malaya awo lomwe ndinkafuna kusokerera, ndi mapilitsi aja. Anawayang'ana m'dzanja lawo kanthawi, n'kumeza limodzi popanda madzi.

"Tili bwino, Nangula."

Ndinawapatsa magolovesi. Anapukusa mutu. Ndinawaponya pambali pawo, poti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mapazi anga atangochoka pansi ndinafuna kunena kuti ndimacheza. Chingwe chinalira, malamba anandigwira m'chiuno, denga la boti linayamba kuchepa.

"Musayang'ane madzi!" anakuwa. "Yang'anani mlongoti pamphuno panupo. Upaneni ndi mawondo. Manja asakoke, azingotsogolera."

Ndinayang'ana mlongotiwo mpaka ndinadziwa kachipsera kake kalikonse. Pamtanda wopingasa wa pakati anaimitsa mwiniboti kuti ndidutse mwendo umodzi kenako wina, ndowa ikundimenya pantchafu. Ndinapuma pamenepo, ndipo ndinamva mawu awo akufunsa ngati ndikufuna kutsika. Akanafunsa wina aliyense ndikanavomera. Koma ndikanatsika, ndikudziwa amene akanavala malambawo.

Nditafika kunsonga ndinachita zomwe ndakhala ndikuwaona akuchita: ndinazunguliza kachingwe kafupi kumlongoti n'kukakola palamba wa m'chiuno, kuti ndisamalendewere kutali. Chomwe sanandiuzepo n'chakuti boti likagwedezeka pang'ono pansi, kumwamba limakuyendetsa ulendo. Munthu akangosuntha phazi pansipo, iwe kuno wamva.

Ndili m'kati momasula nati ya kawilo kaja, boti la injini linadutsa chapatali.

"Mafunde! Kumbatirani!" anakuwa amuna anga.

Mawu amenewo ndi anga. Ndakhala ndikuwakuwa zaka zonsezi osadziwa kuti kumwamba amamveka bwanji. Ndinasiya zonse n'kukumbatira mlongoti, tsaya lili pachitsulo chozizira. Doko lonse linapita kumanzere, linabwerera kumanja, linapitanso. Ndinaitana amayi anga omwe anatisiya kalekale. Sipanala inandipulumuka, koma inangolendewera pakachingwe kake, ikugunda ndowa.

Ndiye mosafuna ndinayang'ana pansi. Anali atakhala pamalo anga, mapazi atawatsamiritsa pa chitsulo, nkhope ili m'mwamba, dazi likung'anima padzuwa. Anali aang'ono ngati kamwana. Sankaphethira. Foni ya mwiniboti inayamba kulira m'thumba, ndipo ndinamva amuna anga akunena osatembenuka n'komwe kuti, "Achikulire, mukaigwira foniyo ndiiponya m'madzi." Ndinaseka ndili pamenepo, misozi ikutsikira pamlongoti wa eni. Munthu uyu ndimamukonda, ndi makani ake omwe. Mantha sanathe, koma anachepa mpaka kukwana m'thumba.

Madzi atadekha amuna anga anayamba kundiuza chochita, chimodzichimodzi. Ndimasule nati pang'ono, osaichotsa. Ndilowetse kachitsulo kaphwatalala pakati pa chingwe ndi kawilo. Nditukule modekha, osati ngati ndikutsegula chitini. Chingwe chinakana kawiri, kachitatu chinagwera mumsewu mwake kuti khotyo. Ndinadonthezapo mafuta, ndinamanga nati, n'kupukusa kawiloko ndi chala. Kanazungulira osadandaula.

"Zatheka!" ndinakuwa.

"Masulani kaye kachingwe kafupiko musanatiuze kuti titsitse!"

Ndinali nditaiwaladi.

Ananditsitsa pang'onopang'ono kwambiri moti mwiniboti anafunsa ngati tifika lero. Mapazi atagunda pansi ndinangokhala pomwepo. Mwiniboti ankaomba m'manja, akuti nkhani imeneyi akauza akazi awo. Ine maso anali pa amuna anga. Ndinali nditafika, malamba nditayamba kale kumasula, koma iwo anali chigwirire chingwe.

"Siyanitu, ndafika."

"Zala zikukana."

Ndinakwawira pomwe anali n'kuyamba kutsegula zalazo chimodzichimodzi. M'manja monse munali mzere wofiira, pena khungu litasupuka. Anayesa kuweramitsa mutu, n'kubuula.

"Mayo khosi langa. Mayi, zaka zonsezi pansi pano pamakhala chonchi?"

"Chonchi."

"Mtima kumachita kugunda m'makutu?"

"Ulendo uliwonse."

"Osanena bwanji?"

"Mumafunsa ngati tili bwino. Tinali bwino."

Anayang'ana kumbali, n'kuyamba kukulunga chingwe chomwe chinali chokulunga kale. Ndinawauza kuti asanamizidwe, ine kukwera kwanga n'koyamba ndiponso komaliza, ndipo akadzandionanso pamwamba adziwe kuti ndanyamulidwa ndi mphepo. Ananyamula kampando paphewa, ine ndinanyamula ndowa, tinabwerera tikuyenda ngati anthu ochokera kuchipatala.

Mwana tinamupeza atabwerako, ali pamakina, thanga lalikulu litayalidwa patebulo lonse. Ataona kampando paphewa la bambo ake anaimitsa makinawo, nkhope itagwa, n'kundiyang'ana ine. Ndinangomuphethira diso kuti adekhe.

A Gulo anafika pamsomali paja n'kuima. Anakweza kampandoko ngati akukoleka, koma sanakoleke. Anabwerera n'kukaika pamwamba pa thanga, patsogolo pa mwanayo.

"Mawa m'mamawa," anatero. "Uvale buluku, m'matumba musakhale kanthu. Tiyambira pa mlongoti wa boti loyera lija, ndi wabwinobwino uja, ulibe vuto."

"Ndimadziwa," ndinatero ine.

Anachita ngati sanamve. Mwana anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Bambo ake anakanda dazi, anayang'ana m'manja mwawo mosupukamo, kenako anatembenukira kwa ine, mawu atatsika.

"Mayi, magolovesi aja mundibwereke."